Ana athu a Kum'mawa akugona pati mu Lusaka?

Kwa a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a bungwe la ngongole za ophunzira la HELSB, oyendetsa mayunivesite a boma, a Meya ndi makhansala a mzinda wa Lusaka, komanso aphungu athu onse a chigawo cha Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama.

Zikomo mabwana ndi madona,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Chipata. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndiponso ndine mtsibweni wa ana a alongo anga, ndipo inu amene munakulira pakati pa Achewa mukudziwa kuti zinthu zikathina kusukulu, foni yoyamba kulira ndi ya malume. Chandilembetsa ndi nkhani ya malo amene ana athu amagona akapita kukaphunzira ku Lusaka. Za mafizi mumazikamba kawirikawiri pa wailesi, koma za pogona mumangodutsapo. Chonsecho mwa ana amene ndinawaphunzitsa n'kuwaona akubwerera kumudzi digiri isanathe, ambiri sanagwe pa mayeso ayi. Anagwetsedwa ndi lendi.

Ndisanadandaule, ndiyambe ndathokoza. Kuyambira Januwale 2022 mwana akuphunzira ulere m'sukulu za boma mpaka Giredi 12, ndipo ife amene tinkabweza ana pageti chifukwa cha mafizi tikudziwa kukula kwa chinthu chimenechi. Ndalama ya chakudya ya ophunzira a m'mayunivesite, imene inachotsedwa mu 2019, munaibwezeretsa mu bajeti ya 2023. Ndalama ya chitukuko cha madera a aphungu, ya CDF, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo gawo lina la ndalamayo likulipirira ana m'sukulu zogonera komweko ndi m'makoleji a ntchito zamanja. Zonsezi n'zabwino. Koma tawerengani nane. Mwana amene analowa Giredi 8 m'chaka choyamba cha maphunziro aulere, chaka chake cholembera mayeso a Giredi 12 ndi 2026. Pambuyo pake pali khwimbi la anzake amene kale akanatsalira kudimba kapena kukwatiwa. Amene adzakhoze bwino, a ku Chizongwe, St. Monica's, Chassa, Anoya Zulu, Lundazi, Petauke, ndi a m'masukulu oyendera a ku Vubwi ndi ku Chadiza, ambiri adzaloza msewu umodzi womwewo wa Great East. Mabedi awo ali kuti?

Musandimve molakwa, sindikuti ana athu asapite ku Lusaka. Ndimafuna apite, ndipo ena ndimachita kuwakankha. Akuluakulu anati kuyenda n'kuona agalu a michombo, ndipo mwana wokulira ku Sinda amene sanakumanepo ndi munthu wosadya mbewa akufunika kuliona dziko. Mzinda wa Lusaka uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, mitundu yonse ya m'Zambia ili momwemo, kuwonjezerapo a ku Congo, Zimbabwe, Malawi, Rwanda, Somalia, India ndi China. Mnyamata wa ku Katete akaikidwa chipinda chimodzi ndi Mlozi wa ku Mongu ndi Mtonga wa ku Monze, mphika umakhala umodzi. Sabata yoyamba amakwinya nkhope akaona mabisi, mwezi ukamatha ndi iyeyo akuwapempha. M'bemba wa chipinda choyandikana amabwera kudzamuseka za mbewa, iye n'kumubwezera za anyani, chimbuya n'kugwira ntchito yake, ndipo tsiku limene uthenga wa maliro udzafike kuchokera kumudzi, ndi M'bemba yemweyo amene adzayendetse mbale khomo ndi khomo kuti mnzake apeze ya basi. Ana athu alinso ndi mwayi woti chilankhulo cha m'misika ndi m'maminibasi a Lusaka ndi Chinyanja, ngakhale n'chosakaniza moti agogo awo atachimva angagwire pakamwa. Amene amapita ku Copperbelt University ku Kitwe amayamba aphunzira Chibemba kuti agule tomato, ndipo nawonso amabwerako atapindula.

Pamene tinkalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu a digiri ongopitirira pang'ono 100. University of Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, a Kenneth Kaunda ali Chansela woyamba. Mawu aja akuti One Zambia, One Nation ana a nthawi imeneyo sankangowaloweza pamtima. Ankagona nawo m'mahositelo, kugawana mchere ndi sopo ndi munthu amene chilankhulo chake sankachimva. Lero ophunzira achuluka kangapo kuposa mabedi a pasukulu, ndipo apa ndiye pagona nkhani yanga. Bedi la pasukulu likasowa, chimene chimasankha kumene mwana akagone ndi thumba la makolo ake ndi kumene akuchokera. Wa bambo opeza bwino amapita ku boarding house ya ku Kalundu kapena ku Handsworth, ya mpanda wautali, thanki ya madzi ndi sola. Wa mlimi wa soya amatsikira ku Kalingalinga, Mtendere kapena Ng'ombe, ndipo malowo amawapeza kudzera mwa wachibale, mwa mkulu wa mpingo wa Reformed kapena mwa mnzake wa kusekondale. Mapeto ake a Kum'mawa akugona okhaokha, a Kum'mwera okhaokha, a Kumpoto chimodzimodzi, olemera uko, osauka uku. Mwana amatha zaka zinayi mumzinda wa mitundu yonse koma akudya, kupemphera ndi kudandaula ndi a kwawo okha. Kenaka tidzadabwa tikadzawaona atakula, madigiri ali m'manja, akuvota motsata zigawo.

Ndinaperekeza mwana wamkazi wa mlongo wanga atasankhidwa ku yunivesite ina ya mumzindamo. Basi imanyamuka ku Chipata kusanache, ulendo wa makilomita pafupifupi 570, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kukhotakhota m'mapiri a ku Kacholola, kuima pa Luangwa pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, kenaka Rufunsa, Chongwe, n'kukatsika pa Intercity dzuwa litapendeka. Katundu wake anali wa mwana aliyense wa kwathu: thumba la ufa woyera, nshawa, nyemba, mfutso, kambaula, ndi envulopu ya mapepala a sukulu imene anaikumbatira ulendo wonse. Dzina lake silinali pa mndandanda wa opatsidwa malo ogona. Mnyamata wina wodzitcha ejenti anatilipiritsa ndalama yongoonera nyumba, asanationetse n'khomo lomwe.

Nyumba imene tinapeza inamangidwira banja limodzi. Mwini wake anaiduladula ndi mabolodi, pabalaza n'kuikapo mabedi osanjikiza, galaja n'kusanduka chipinda, ngakhale kakhonde ka kukhitchini kanali ndi matiresi. Ana anapanikizidwamo ngati fodya wa m'belo. Salipira chipinda, amalipira bedi, chimene okha amati bed space, ndipo wapamwamba ndi wapansi mtengo ndi umodzi. Chimbudzi chinali chimodzi, bafa momwemo, moti mzere umayamba tambala asanalire. Madzi amabwera usiku, ndiye pansi pa bedi lililonse pali zigubu. Pa soketi imodzi panalumikizidwa mbaula yamagetsi, ketulo, ayironi ndi machaja a foni, waya wake atamatidwa ndi pulasitiki. Chimene chinandiumitsa thupi ndi mawindo. Onse anali otchingidwa ndi zitsulo zowotcherera, ndipo khomo lotulukira linali limodzi, limene usiku amalikhoma ndi loko kuopa akuba. Ndinafunsa mayi woyang'anira kuti, “Amayi, nanga moto utabuka, anawa atulukira pati?” Anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, “Atate, wosunga ndi Mulungu.” Nditapempha lisiti anati kuno sitilemba. Mwana uja anandikoka shati n'kunong'ona kuti, “Malume, musavute, angatibweze, ena akudikira panja.” Ndinalipira.

Amene apeza bedi m'hositelo nawonso sali pamtendere. Chipinda cha anthu awiri chimagona anthu ochuluka, poti mwini bedi amalandira anzake osowa pogona, ena mwachifundo, ena mowalipiritsa. Okha amati kusikwata. Oyang'anira akudziwa, makolo tikudziwa, ndipo anawo sindingawadzudzule, chifukwa wosikwatayo ukamuthamangitsa akagona pati? Kungoti mipope ndi zimbudzi zimene zinamangidwira anthu owerengeka sizingapirire chigulu chotere.

Izitu si nkhawa za nkhalamba yosowa chochita. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2023 inapha anthu mazanamazana, ambiri a iwo mu Lusaka, mpaka bwalo la National Heroes linasanduka chipatala ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Ya 2017 kulowa 2018 inasautsanso mzinda womwewo. Matendawa amakonda pothinana, pamene chitsime chosaya chayandikana ndi chimbudzi chokumba, ndipo kumeneko n'kumene lendi yotsika imakankhira ana athu. Chilala cha 2024, chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima nthawi zina pafupifupi tsiku lonse. Ana anabwerera ku makandulo ndi mbaula za makala, m'zipinda za mabolodi zomwe zija, kuseri kwa mawindo owotcherera omwe aja. Ndipo sitinaiwale Okutobala 2018, pamene chipolowe cha ndalama ya chakudya imene inachedwa chinathera pa imfa ya wophunzira wamkazi wa chaka chachinayi pa UNZA, atabanika ndi utsi m'chipinda cha hositelo. Ngati zinatheka m'nyumba ya boma, ya makomo ndi masitepe odziwika, kuli bwanji m'galaja yokhomedwa ndi loko?

Za ana aakazi ndinene mosapsatira. Mafumu athu, a Kalonga Gawa Undi, a Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ndi ena, akhala akulimbana ndi maukwati a ana, kuchotsa atsikana m'mabanja n'kuwabwezera kusukulu. Mtsikana wotere akalimbikira mpaka kusankhidwa ku yunivesite, mudzi wonse umaimba nthungululu. Koma lendi ikalowa mwezi wachiwiri osalipidwa, katundu wake n'kuikidwa panja, amene amafika msanga si boma, si malume wa ku Chipata. Ndi bambo wa galimoto amene amaima pageti madzulo aliwonse. Kodi tinamulanditsa kwa mkulu wa ng'ombe kumudzi kuti tikamupereke kwa mkulu wa galimoto m'tauni? Ngakhale amene lendi yake ili bwino, akamawerengera pasukulu poti kumene akugona kulibe tebulo kapena magetsi, amabwerera usiku wapansi, laputopu yobwereka ili m'chikwama, kudutsa tinjira topanda nyali.

Chinthu china chimene a m'maofesi simuchiona ndi kalendala ya mlimi. Wa pantchito amalandira mwezi ndi mwezi. Mlimi wa Kum'mawa amagwira ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa chimanga, soya, nshawa, thonje, mpendadzuwa kapena fodya, kuyambira cha mu Meyi kufika Seputembala, ndipo wogulitsa ku FRA, bungwe la boma logula mbewu, amayamba wadikira kuti malipiro atuluke. Ndalama yomweyo igulenso feteleza ndi mbewu mvula isanagwe. Kuyambira Januwale mpaka Malichi nkhokwe zimakhala zitapepuka, m'thumba muli mbee, koma landilodi wa ku Lusaka za mvula alibe nazo ntchito. Amafuna miyezi ingapo pasadakhale, ndipo pa holide bedi ulipire ngakhale sukugonapo, apo ayi alipatsa wina. Ndiye kholo limagulitsa soya kwa mavenda pa mtengo wolira, kapena kupita kwa a kaloba kumene ngongole imabereka mwezi uliwonse. Ndinaona banja lina likugulitsa ng'ombe imodzi ya pagoli kuti mwana akhale ndi bedi. Chaka chotsatira analima theka la munda, ndipo mng'ono wake wa mwana uja, amene anakhozanso bwino, anatsala pakhomo. Digiri imodzi inadya ina.

Kwa inu a HELSB, bungwe lanu linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa komiti ya mabasale akale, ndipo chimene mumapereka ndi ngongole ndithu, mwana adzaibweza akadzayamba ntchito. Munthu amene adzabweze ali ndi ufulu wolandira pa nthawi yake. Mayina a opatsidwa ngongole azituluka mwana asanakwere basi, kuti kholo lidziwe ngati ligulitse mbuzi kapena ayi, ndipo ndalama ya pogona izifika sukulu isanatsegulidwe. Ikachedwa pa zifukwa za ku Treasury, perekani kalata yosindikizidwa chidindo imene mwana angaonetse landilodi. Pepala silidula.

A Meya, oyang'anira zaumoyo a khonsolo yanu amatseka malo odyera auve, mabala ndi mabutchala. Nyumba yogoneka ana makumi awiri kapena atatu ndi bizinesi yoposa kantemba ka pamsewu, ndipo mukugona miyoyo ya anthu. Lembani boarding house iliyonse m'kaundula. Oyang'anira zaumoyo ndi ozimitsa moto aziyendera, awerenge mabedi ndi zimbudzi, aone mawaya, aonetsetse kuti pali khomo lachiwiri ndi windo lotseguka, ndipo kholo lililonse lizipatsidwa lisiti ndi pangano lolembedwa. Komatu ndikuchenjezeni, musangodzuka tsiku limodzi ndi maloko ndi makamera a wailesi yakanema n'kutseka nyumba zonse. Mukatero ana agona pa Intercity. Eni nyumba ambiri si zigawenga, ena ndi amayi amasiye ndi anzanga opuma ntchito amene penshoni yawo inachedwa, ndipo popanda iwo ophunzira ambiri akanasowa pobisala mvula. Apatseni nthawi yokonza, ndipo laisensi yake isakhale yodula, poti khobidi lililonse limene mungawalipiritse lidzabwera kudzatengedwa kuno m'nkhokwe zathu.

Inu oyendetsa mayunivesite, kalata yoitana mwana izibwera pamodzi ndi mndandanda wa nyumba zoyenderedwa, mitengo yake ndi mtunda wake kuchokera pasukulu, kuti maejenti a pageti asowe chodya. Mabedi ochepa amene muli nawo muzigawa poyera, ndipo mtunda uziwerengedwa. Mwana wa ku Chelstone kapena ku Chilenje angathe kukwera minibasi m'mawa n'kukagona kwa amayi ake madzulo. Wa ku Lundazi sangathe. A chaka choyamba ochokera kutali, makamaka atsikana ndi olumala, akhale patsogolo, kaya ndi a ku Chama, a ku Kalabo kapena a ku Kaputa, ndipo pogawa zipinda muwasakanize dala. Wa chaka chachitatu waudziwa kale mzinda, akudziwa minibasi yokwera ndi njira yoipewa usiku. Wongotsika basi dzulo ndi amene akufunika mpanda.

A Nduna, mahositelo a UNZA amene anayamba kumangidwa pa Great East Road anakhala zaka zambiri ali zigoba, ana akuwadutsa popita kukagona kukomboni. Chilichonse chimene chinayambidwa chimalizidwe, ndipo zatsopano ziyambike khamu la maphunziro aulere lija lisanadzaze mageti. Pa nthaka ya yunivesite panapezeka malo a East Park Mall, amalonda n'kuikapo ndalama zawo. Nzeru yomweyo itha kumanga zipinda zogona, bola mtengo wa bedi ukhale ndi malire olembedwa m'pangano.

Tsopano kwa inu aphungu athu, amene timakuonani pa Nc'wala ku Mtenguleni ndi pa Kulamba ku Mkaika mutakhala m'mahema a kutsogolo. Ndamva ena m'misonkhano ya makolo akunena kuti tisonkhe ndalama timange nyumba ya ana a Kum'mawa okhaokha mu Lusaka. Mtima wake ndi wabwino, koma ine ndikukana. Kumeneko n'kunyamula mudzi n'kukautula pa Great East Road, mwana n'kubwerako osadziwa moni wa Chilozi. Chimene ndingakondwe kumva mukuchikuwira m'Nyumba ya Malamulo ndi yunivesite ya boma kuno kwathu. Kabwe ili ndi Mulungushi ndi Kwame Nkrumah, Kitwe ili ndi Copperbelt ndi Mukuba, Chongwe ili ndi Chalimbana, Chinsali ili ndi Kapasa Makasa. Chigawo chathu, chimene kalembera wa 2022 anapeza kuti chili ndi anthu oposa 2.4 miliyoni, chikudalira makoleji a uphunzitsi, a unamwino ndi a ntchito zamanja. Chipata inapatsidwa ulemu wa mzinda mu 2017. Tili ndi malo ofufuzira zaulimi ku Msekera, chipatala chachikulu, malire a Mwami ali pakhomo, ndipo Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka. Sindikuifunira kuti ana athu asamachoke. Ndikuifunira kuti Mlozi, Mkaonde ndi Mluvale nawonso akwere basi ya kuno, adzadye nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zotendera, ndipo khamu lothamangira ku Lusaka lichepeko. Mukadzaipeza, mudzayambe ndi mahositelo, ofesi ya bwana idzabwere pambuyo, kuti Kapata ndi Mchini zisadzasanduke zimene ndinaona kumzinda.

Pakadali pano ndikupemphani chinthu chosafuna bajeti. Nyumba ya Malamulo ili pa Manda Hill, mphindi zochepa chabe pa galimoto kuchokera kumene ana athu akugona. Phungu aliyense wa Kum'mawa afunse ophunzira a m'dera lake kumene amakhala, apiteko m'mamawa mzere wa kubafa usanathe, osadziwitsa mwini nyumba, osatenga atolankhani. Awerenge mabedi, awerenge zimbudzi, ayese kutsegula windo, apemphe kuona lisiti. Zimene akapeze adzatiuze pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, m'chilankhulo chathu, madzulo alimi atabwerako kumunda, ndipo mafoni adzatsegulidwe kuti makolo tidzafunse mafunso.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chipata.